Dayisi ya mbali 7 imene kompyuta inatipangira mwakachetechete

Chaka chilichonse ndikafika pa mutu wa nuclear physics ndi a Fomu 4, ndimalowa m'kalasi nditanyamula beseni. M'besenimo mumakhala timatabwa 100 timene kalipentala wina wa pa Boma anatidulira. Kathabwa kalikonse kali ndi mbali 6 zofanana ngati dayisi ya ludo, ndipo mbali imodzi tinaipaka utoto wofiira. Sukulu yathu ilibe chipangizo choyezera radiation, ndipo ngakhale chikanakhalapo, sindikanavomera kuti mwala wa uranium uzigona m'kabati ya labu. Miyala imeneyo ikhale konko ku Kayelekera, kwa anansi athu a ku Karonga. Ife kuno ku Rumphi maatomu athu ndi timatabwati basi.

Masewero ake ndi osavuta. Timakhuthulira timatabwa tonse pansi nthawi imodzi. Kamene kagwa mbali yofiira ili kumwamba, timati atomu imeneyo yasweka, ndipo timakaika padera. Totsalato timatiwerenga, kulemba nambalayo pa bolodi, kutibwezera m'beseni, n'kuponyanso. Mukajambula girafu mumapeza mzere wotsika mopindika uja wa m'buku. Half-life, kutanthauza nthawi imene imatenga kuti theka la maatomu lisweke, imatuluka maulendo pafupifupi 3.8 oponya. Nambala imeneyi si yoloweza ayi. Ulendo uliwonse kumatsala 5/6 ya amene analipo, ndiye funso ndi lakuti muchulukitse 5/6 kangati kuti mufike pa theka. Katatu simunafike, kanayi mwapitirira pang'ono.

Vuto ndi lakuti timatabwa 100 ndi tochepa. Lero ulendo woyamba tichotsa 12, mawa tichotsa 21, girafu n'kukhala ya mabampu ngati msewu wadothi nthawi ya dzinja. Ndiye chaka chatha ndinaganiza zochenjera. Mu kalabu yathu ya sayansi, imene imakumana masana tikaweruka, ndinati tilembe pulogalamu ya Python pa laputopu yanga kuti kompyuta izitiponyera. Ndinalemba ndekha ophunzira akuonerera, ndipo ndinalemba mokhala ngati katswiri ndithu:

```
import random

maatomu = list(range(100))
for ulendo in range(10):
    for atomu in maatomu:
        if random.randint(1, 6) == 6:
            maatomu.remove(atomu)
    print(ulendo + 1, len(maatomu))
```

Kwa amene simunaonepo Python, mizere imeneyi ikunena izi: konza mndandanda wa maatomu 100, pita pa atomu iliyonse, uiponyere dayisi, ikagwa 6, ichotse mu mndandanda, ukamaliza tiuze atsala angati, bwereza zimenezi ka 10. Mukawerenga choncho, palibe chimene chikuoneka cholakwika. Inenso sindinaone chilichonse. Pulogalamu inayenda, manambala anatuluka, akutsika bwinobwino, ndipo ndinati, "Mwaona? Zimene tinachita ndi beseni ola lathunthu, iyi yachita musanaphethire."

Kenako tinasintha 100 kukhala 10,000, poti cholinga chathu chinali girafu yosalala. Ulendo woyamba kunatsala maatomu cha m'ma 8,570.

Mtsikana wina wa Fomu 4, amene sakonda kuyankhula m'kalasi koma calculator yake siichoka m'manja, anakweza mkono. Anati 5/6 ya 10,000 ndi 8,333, nanga 8,570 yachokera kuti? Ine ndinayankha mwachangu, ngati mmene timayankhira aphunzitsi tikafuna kupitiriza phunziro, kuti zimenezo ndi za mwayi chabe, dayisi sipereka nambala yeniyeni. Tinayendetsanso. Yomweyo, cha m'ma 8,570. Kachitatu, kachinayi, palibe ulendo umene inayandikira 8,333. Apo ndi pamene anandifunsa funso limene linandikhazika pansi: "Aphunzitsi, mesa munatiuza kuti random error imagwera mbali zonse ziwiri? Nanga iyi bwanji ikungogwera mbali imodzi?"

Ananena zoona. Pa maatomu 10,000, mwayi ungathe kusuntha yankho ndi 40 kapena 70 kuno kapena uko, koma osati ndi 240, komanso osati mbali imodzimodzi nthawi zonse. Imeneyi inali systematic error, mtundu womwe uja wa sikelo imene singano yake siyambira pa ziro. Mutha kuyeza thumba la fodya ka 50 pa sikelo yotero, avereji yake idzakhalabe yabodza. Ndipo amene anapotoza sikeloyo ndinali ine mwini.

Kuti muone pamene ndinalakwitsa, muyenera kudziwa kaye mmene mndandanda umakhalira m'kati mwa kompyuta. Chimene Python imachitcha list, ku Java amati ArrayList, ku C++ amati vector. Dzina la banja lonseli ndi dynamic array, kutanthauza mndandanda umene umatha kukula kapena kuchepa pulogalamu ili m'kati moyenda. Mu memory zinthu za mu mndandandawu zimakhala mondondozana popanda mpata, ngati anthu okhala pa benchi, ndipo malo aliwonse ali ndi nambala yake yotchedwa index, kuyambira pa 0. Ubwino wake ndi wakuti mukafuna chinthu cha pa malo 57, kompyuta siyamba kufufuza kuchokera koyambirira. Imangowerengetsera pamene malowo ali n'kufikapo pompo. Koma kuti zimenezi zitheke, mpata suloledwa. Wina akanyamuka pakati pa benchi, onse a kumanja kwake amasendera kudzatseka pamene patsegukapo. Amene anali pa malo 3 tsopano ali pa 2, wa pa 4 ali pa 3, mpaka kumapeto.

Tsono loop ya for mu Python siloweza nkhope za anthu. Imangosunga nambala imodzi, malo amene chala chake chikuloza. Ikathana ndi malo 1 imapita pa malo 2, kaya pa benchipo pachitika zotani.

Tsiku lotsatira ndinatulutsa benchi panja, ndipo inunso chitani zimenezi ndi anzanu, sizifuna magetsi. Khazikani anthu 6, tiwatchule A, B, C, D, E ndi F. Lembani manambala 0 mpaka 5 ndi choko pansi, kutsogolo kwa malo aliwonse. Mmodzi wa inu akhale chala: azingoyenda kuchoka pa nambala ina kupita pa yotsatira, osabwerera m'mbuyo, osayang'ana nkhope. Tinene kuti B ndi C onse awiri ndi oyenera kuchotsedwa. Chala chili pa 0, chapeza A, A akhale. Chafika pa 1, chapeza B, B nyamuka. Otsala aja asendera: C wabwera pa 1, D pa 2. Chala chapita pa 2, chapeza D. Nanga C? C wakhala phee pa malo amene chala chadutsapo kale. Sanafunsidwe n'komwe. Pamene tinachita zimenezi, mnyamata amene anali C anaseka mpaka kugwa pa benchi, akuti wapulumuka.

Amene muli ndi foni ya Android mutha kuikamo Pydroid 3 n'kuyesa kapulogalamu aka, kamene kakuoneka ngati kachotsa zonse:

```
a = [1, 2, 3, 4, 5, 6]
for x in a:
    a.remove(x)
print(a)
```

Musanakayendetse, lembani papepala chimene mukuganiza kuti chituluka. Ambiri amalemba kuti mndandanda ukhala wopanda kanthu. Chimene chimatuluka ndi 2, 4 ndi 6. Theka lathunthu lapulumuka, ndipo Python sinadandaule ngakhale pang'ono.

Tibwerere ku maatomu athu, chifukwa apa ndi pamene nkhaniyi imandikomera ine wa physics. Atomu iliyonse ikasweka, imapulumutsa inzake imene yakhala kumanja kwake, poti inzakeyo imasendera kumbuyo kwa chala ulendo umenewo. Tiyerekeze kuti kompyuta yaponya dayisi ka 6. Mwa avereji, kamodzi igwa 6, atomu imodzi ichoka, ina imodzi idumphidwa. Ndiye kuti poponya ka 6 chala chadutsa maatomu 7, ndipo mwa 7 amenewo yasweka imodzi. Dayisi yathu ya mbali 6 yasanduka ya mbali 7. Tengani calculator: 6/7 ya 10,000 ndi 8,571. Ndi nambala yomwe ija inkatuluka pa laputopu. Half-life nayo inachoka pa 3.8 kufika pa 4.5, kutalika ndi pafupifupi 18 peresenti.

Mwina wina anena kuti 18 peresenti si zambiri. Half-life ya carbon-14, imene akatswiri amagwiritsa ntchito podziwa zaka za makala ndi mafupa akale, ndi zaka pafupifupi 5,730. Onjezanipo 18 peresenti, mwaphonya ndi zaka zoposa 1,000. Ndipo taonani chinthu china: pamene tinali ndi maatomu 100, pulogalamu yolakwika inkapereka cha m'ma 86 m'malo mwa 83, kusiyana kumene kumabisala mosavuta m'kati mwa mwayi. Tikanasiyira pa 100, bwenzi lero ndikuphunzitsabe ndi pulogalamu yomweyo, ndikuinyadira.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa, ndipo ndikudziwa kuti si aphunzitsi onse angagwirizane nane. Timalakwitsa tikamaphunzitsa ana kuti pulogalamu yabwino ndi imene yayenda popanda error. Ndaonapo ophunzira akutseka laputopu mwamantha zilembo zofiira zikangotuluka, ngati aswa chinachake chimene makolo awo adzalipire. Koma zilembo zofiirazo ndi mnzanu amene wakuuzani kuti pa malaya panu pali dothi musanafike pagulu. Pulogalamu yoopsa ndi imene yayenda bwinobwino, yakupatsani manambala ooneka anzeru, koma abodza. Mu practical ya physics sitilola wophunzira kulemba kuti g ndi 14 m/s² chifukwa choti stopwatch sinadandaule. Timamufunsa kuti iwe umayembekeza chiyani, ndipo wapeza chiyani. Pa kompyuta, pazifukwa zimene sindizimvetsa, funso limeneli timalisiya pakhomo. Ine ndinalisiya. Mtsikana uja analowa nalo.

Ndipo musaganize kuti izi zimathera pa timatabwa. Tayerekezani munthu wa mu ofesi ali ndi mndandanda wa ophunzira amene sanamalize kulipira fizi, ndipo walemba kapulogalamu koti kachotsemo aliyense amene walipira sabata ino. Ana awiri amene maina awo ndi otsatizana alipira onse. Woyamba achotsedwa, wachiwiri adumphidwa. Lolemba m'mawa dzina lake liitanidwa pa asembule, abwezedwe kunyumba, mwina ku Hewe kapena ku Mhuju, kukatenga ndalama imene bambo ake anagulitsira mbuzi n'kulipira kale. Akadandaula, yankho likhala lakuti "zili mu kompyuta". Mawu amenewa ndimadana nawo kwambiri, chifukwa amatseka pakamwa munthu amene akunena zoona. Ena mwa inu m'tsogolomu mudzalemba mapulogalamu a m'mabanki, a m'zipatala, a mindandanda ya alimi. Munthu amene adzadumphidwe ndi chala chanu simudzamuona nkhope.

Chochititsa chidwi n'chakuti zilankhulo za kompyuta sizigwirizana pa zoyenera kuchita munthu akasintha mndandanda uli m'kati mowerengedwa. Java, imene inatuluka mu 1995, imakuwa. ArrayList imasunga nambala ya kuti yasinthidwa kangati, ndipo chala chikamapita pa malo otsatira chimayamba chaona ngati nambalayo idakali imene chinaisiya. Ikasiyana, pulogalamu imaima n'kutulutsa error ya dzina lalitali ngati njanji, ConcurrentModificationException. Anthu ambiri oyamba kumene amakwiya nayo. Ine ndimaiona ngati mlonda wabwino. Komabe mlonda ameneyu nthawi zina amawodzera: mukachotsa chinthu chachiwiri kuchokera kumapeto, mndandanda umafupika mpaka pamene chala chafika, loop imaganiza kuti yamaliza, imatuluka osakuwa, ndipo chinthu chomaliza chija sichionedwa. Rust, imene inakhazikika mu 2015, ndi yaukali kuposa apo. Salola n'komwe kuti pulogalamu yotere iyambe kuyenda. Compiler imakubwezerani pachipata pomwepo.

Python, imene Guido van Rossum anaitulutsa mu 1991, imachita zinthu pawiri. Mukasintha kukula kwa dictionary muli m'kati moiwerenga, imakuwa ndi RuntimeError. Koma pa list imangokhala chete. Mabuku ake ophunzitsira amachenjeza ndithu za msampha umenewu, kungoti ndani amawerenga chenjezo asanagwe? Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanati list nayo izikuwa. Sindikunena kuti muisiye Python ayi, poyambira palibe ina imene ndingakusankhireni. Ndikungoti muidziwe khalidwe lake, monga mmene mumadziwira njinga ya kwanu kuti buleki yakumbuyo sigwira.

Mpaka pano takamba za kuchotsa. Kuwonjezera nako kuli ndi zake. Mu Python, mukalemba loop imene pa chinthu chilichonse ikuwonjezera china kumapeto, chala sichidzafika kumapeto, chifukwa benchi likutalika pamene icho chikuyenda. Pulogalamu imangoyendabe mpaka memory itadzaza kapena inu mutaizimitsa. Koma ngozi yeniyeni ili ku C++, ndipo kuti muimvetse muyenera kudziwa mmene dynamic array imakulira. Benchi silingatalike lokha, poti mbali yake mu memory mwina mwakhala kale zinthu zina. Ndiye kompyuta imakonzeratu benchi lokhala ndi malo apadera. Malowo akatha, imapeza benchi lalikulu kwina, kusamutsira onse kumeneko, n'kubweza lakale lija kuti ena aligwiritse ntchito. ArrayList ya Java, mwachitsanzo, imayamba ndi malo 10, ikadzaza imapita pa 15, kenako 22, kenako 33. Imakula ndi theka ulendo uliwonse kuti isamasamuke pafupipafupi.

Ife a ku Rumphi kusamuka kotere tikukudziwa. Mishoni ya Livingstonia inayamba ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako Robert Laws anaikweza pa phiri ku Khondowe mu 1894. Iwo chinkawasamutsa ndi malungo, osati kuchepa kwa malo, koma mfundo yake ndi yomweyo: dzina silinasinthe, malo ndi amene anasintha. Munthu amene anasunga njira yakale akanakafika ku Cape Maclear n'kumafunsa za Livingstonia. Mu C++ chala chimasunga adiresi yeniyeni ya mu memory, osati nambala ya malo chabe. Vector ikasamuka chifukwa mwawonjezeramo chinthu, chala chimatsala chikuloza pa bwinja. Chimene chipeze pamenepo palibe angakuuzeni. Mwina chipeza manambala akale aja adakalipo, pulogalamu n'kuyenda ngati zonse zili bwino. Mwina chipeza zinthu za eni ake. Mwina pulogalamu ingofa. Ndipo ikhoza kuyenda bwino pa kompyuta yanu miyezi 6, n'kukafera pa kompyuta ya kasitomala.

Nanga tichite bwanji? Yankho linali m'beseni nthawi yonseyi, ine osaliona. Bwanji timatabwa sitinalakwitsepo chonchi? Chifukwa timaponya tonse kaye, kenako n'kusankha. Palibe amene amachotsa kathabwa tinzake tili m'malere. Kugamula ndi ntchito ina, kuchotsa ndi ntchito inanso, ndipo yachiwiri imadikira yoyamba ithe. Mu pulogalamu njira yofanana nayo ndi kusiya mndandanda wakale mmene ulili, n'kumanga watsopano wa okhawo amene atsala:

```
maatomu = [a for a in maatomu if random.randint(1, 6) != 6]
```

Mzere umodzi umenewu unalowa m'malo mwa mizere itatu ija. Titauyendetsa, ulendo woyamba kunatsala cha m'ma 8,330, nthawi zina kupitirira pang'ono, nthawi zina kuchepera pang'ono, monga mmene mwayi weniweni umachitira. Iyi ndi njira imene ndimalimbikitsa, chifukwa aliyense woiwerenga amaona msanga chimene ikuchita, ndipo palibe benchi limene likusuntha.

Njira zina zilipo. Mutha kuyendetsa chala pa kope la mndandanda, polemba `for atomu in maatomu[:]`, uku mukuchotsa mu weniweniwo. Muthanso kuyamba kumapeto kubwerera koyambirira. Yesani pa benchi lija muone: mukachotsa munthu, amene akusendera ndi a kumanja, amene mwathana nawo kale, ndiye palibe wodumphidwa. Ndi yochenjera, koma sindiikonda kwenikweni, chifukwa mnzanu wodzakonza pulogalamu yanu chaka chamawa angathe kuitembenuza osadziwa chifukwa chimene munayambira kumbuyo. Ku Java kuyambira mu 2014 kuli removeIf, imene imagwira ntchito yonseyi mosamala m'malo mwanu.

Mnyamata wina wa mu kalabu, amene amatenga Computer Studies ndipo amakonda kutsutsa, anati kumanga mndandanda watsopano ndi kuwononga memory, poti kwa kanthawi mumakhala ndi mindandanda iwiri. Funso labwino, ndipo pa tizipangizo ting'onoting'ono ta memory yochepa kwambiri lili ndi malo ake. Koma tiyeni tiwerengetse. Pa kompyuta za masiku ano, malo amodzi mu list ya Python amatenga ma byte 8. Malo 10,000 ndi ma kilobyte 80. Chithunzi chimodzi cha pa foni yanu chimaposa pamenepo kambirimbiri. Komanso njira yanga yolakwika ija inali yochedwa. Nthawi iliyonse remove ikaitanidwa, imafufuza chinthucho kuchokera koyambirira, ikachipeza n'kusendeza onse otsala. Kuchita zimenezo maulendo oposa 1,000 pa benchi la anthu 10,000 ndi ntchito yaikulu, pamene kumanga mndandanda watsopano ndi kungodutsa kamodzi. Ndiye njira yolondola inapezekanso kuti ndi yachangu. Sizichitika kawirikawiri zimenezo, ndiye zikachitika landirani.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna mutenge molakwika. Ena amangoloweza lamulo lakuti mndandanda susinthidwa m'kati mwa loop, basi. Kuloweza kotereku n'kumene kumatipweteka ngakhale mu physics, munthu akudziwa fomula koma osadziwa pamene imagwira ntchito. Pitani ku chigayo Loweruka mukaone. Matumba ali pa mzere, ena akubwera kumbuyo, ena akuchoka kutsogolo, mzere ukusintha tsiku lonse, koma palibe thumba limene limadumphidwa, pokhapokha wachigayo akhale ndi chibale. Bwanji? Chifukwa iye sasunga nambala ya malo. Nthawi zonse amangotenga limene lili kutsogolo, mpaka mzere utatha. Mapulogalamu ambiri abwino amayenda chonchi, ndi loop ya while imene imati "mzere ukadalipo, tenga wakutsogolo", ndipo kuwonjezera zinthu m'kati mwake si vuto. Choncho funso loyenera kudzifunsa si lakuti kodi ndikusintha mndandanda. Funso ndi lakuti, kodi chala changa chikudalira chiyani, ndipo chimene ndikuchitachi chikusuntha chinthu chimenecho?

Chaka chino beseni ndinalowa nalobe m'kalasi, ndipo laputopu inabwera pambuyo pake. Pulogalamu yolakwika ija sindinaifufute. Ndimaipereka kwa a Fomu 4 mmene inalili, osawauza kanthu, pamodzi ndi malangizo awiri: lembani kaye nambala imene mukuyembekeza, ndipo mukayendetsa ndi 100 muyendetsenso ndi 10,000. Gulu lina limatulukira msanga, lina limatha masana onse likukangana ndi calculator.

Inu amene mukuwerenga, nayi ntchito yanu. M'malo mwa dayisi, tiyerekeze kuti atomu iliyonse tikuiponyera ndalama yachitsulo ya K10, ndipo ikagwa mbali imene tasankha atomuyo yasweka. Pulogalamu yolondola iyenera kusiya theka, 5,000 mwa 10,000. Kodi pulogalamu yanga yolakwika ija isiya angati pa ulendo woyamba? Gwiritsani ntchito maganizo omwe aja a dayisi ya mbali 7, mupeze yankho papepala. Mukatero sinthani `random.randint(1, 6) == 6` kukhala `random.randint(1, 2) == 2`, muyendetse, muone ngati pepala ndi kompyuta zikugwirizana. Amene mulibe foni, sonkhanitsani anzanu 30, mabenchi angapo, choko ndi ndalama imodzi.